Mmene Ndinachekera Mwala wa a Matewere

Ana anga, Pemphero ndi Lonjezo, kuyambira muli aang'ono mwakhala mukundiseka kuti mayi anu akalamba akutsuka miyala ya boma. Sindikutsutsa. Koma pano ndapuma, ndipo poti manja akadali olimba, ndaganiza zokulemberani mmene ntchitoyo inkayendera, kuti adzukulu akadzafunsa mudzakhale ndi choyankha. Za ubwana wanga ku Jali munazimva kokwanira kwa amalume anu, ndiye ndiyambira pa geti la ofesi.

Chaka cha chisankho choyamba cha matipate

Ndinayamba ntchito m'chaka chimenecho. M'tauni ya Zomba nkhani inali ya chisankho basi, m'minibasi, pamsika, ngakhale pamaliro. Ine nkhawa zanga zinali zina. Ndinali ndi satifiketi ya ntchito za mu labu, diresi imodzi yooneka, ndi chipinda cha lendi ku Matawale chimene chinkadontha pakona. Ofesi imene inanditenga inali ya boma, yofufuza za miyala, m'tsinde mwa phiri. M'mawa nkhungu inkatsika kuchokera pamwamba n'kudzakhala pabwalo mpaka dzuwa litakwera. Akazi analimo mu ofesimo, koma anali otayipa makalata. Wovala jasi la ku labu ndinali ndekha, ndipo amesenjala anatenga nthawi asanasiye kundifunsa mankhwala a mutu, poyesa kuti ndine namwino.

Bwana wanga woyamba anali a Matewere, bambo wamtali wa ku Chiradzulu, amene anakaphunzira za miyala kunja ali mnyamata. Sankakweza mawu. Ukalakwitsa ankangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono, iwe n'kumalakalaka akanangokukalipira zithe. Tsiku loyamba anandipatsa burashi ndi beseni, n'kundilowetsa m'chipinda chosungira miyala. "A Esinati," anatero, "mwala uliwonse muutsuke, muuyang'ane, muubwezere pamalo pake. Mukamaliza mudzandiuze." Ndinamaliza mvula itayamba kale. Usiku ndinkalira kuti sukulu yanga yathera m'beseni, koma nditatuluka m'chipindamo ndinkatha kusiyanitsa mwala wa m'phiri la Zomba ndi wa ku Mulanje pongounyamula. Apo m'pamene anayamba kundiphunzitsa ntchito yeniyeni.

Ntchitoyo inali iyi. Mwala umaucheka ndi makina, kutengako kachidutswa. Kachidutswako umakamata pa kagalasi ndi guluu wapadera, kenako umakanola pa ufa wonolera, n'kumanolabe, mpaka kapyapyale kuposa pepala, kuti kuwala kuzidutsa. Ukakaika pa mayikulosikopu, mwala wooneka wotuwa ngati phulusa umasanduka wamitundumitundu ngati nsalu za pamsika. Ukapitiriza kunola pang'ono chabe, zonse zimatha, umatsala ndi galasi lopanda kanthu. Zala zanga zakumanja n'zosalala mpaka lero chifukwa cha ufa umenewo.

Mu labu munali kabati yagalasi yokiya, ndipo pa shelefu yapakati panali mwala umodzi wofiirira, waukulu ngati nkhonya ya munthu wamkulu. Tsiku lina a Matewere anandipeza ndikuusuzumira. Anatsegula kabati, n'kundiika mwalawo m'manja. Unali wolemera kuposa mmene unkaonekera.

"Mukuonapo chiyani?"

"Mazira a mlamba, bwana," ndinayankha, chifukwa thupi lake lonse linali timibulu tozungulira, tofanana kukula, tothithikana.

Anaseka. "Amene anautcha dzina anaonanso zomwezo. M'mabuku umatchedwa oolaiti, ndiye kuti mwala wa mazira. Uwu ndi wachitsulo. Koma si mazira ayi. Mwaona mmene mtsinje wa Likangala umafiirira dzinja ukanyamula katondo kupita naye ku nyanja ya Chilwa? Kufiira kumeneko ndi chitsulo cha m'dothi. Kalekale, kusanakhale munthu, mitsinje ya dziko lina lotentha inkatsanulira chitsulo chotere m'nyanja yamchere, pamalo osaya, pamene mafunde amafika pansi. Kamchenga kamodzi, kapena kachidutswa ka chigoba cha nkhono, kankagubuduzika uku ndi uko. Madzi akachita bata, chitsulo chinkakamatirira n'kupanga kachikhungu. Mafunde akabwera, kankagubuduzikanso, n'kuvalanso kachikhungu kena. Ngati mmene amayi a pamsika amatembenuzira mtedza m'shuga, koma uku ntchito yake ndi ya zaka zosawerengeka. Ndipo pamafunika kuti matope ndi mchenga zisabwere zambiri, apo ayi timibuluti tikwiririka tisanakule. Pomaliza zonse zinakwiririka, zinapanikizika, n'kuuma kukhala mwala. Nyanjayo inaphwa. Anthu lero amalima pamwamba pake."

Ndinafunsa ngati kwathu kuno ulipo. Anapukusa mutu. Anati phiri lathuli linachokera ku mwala wosungunuka umene unazizirira pansi pa nthaka, ndipo miyala ya m'nyanja yamchere yotere sitinaipezepo kuno. Uwu anachita kupatsidwa ndi mphunzitsi wawo kunja kuja, nkhalamba imene inkawaitana kudzadya kunyumba kwake Lamlungu lililonse pamene ena ankawasala. Anakautola limodzi paphompho la m'mbali mwa nyanja. Atabwerera kuno anaupereka ku ofesi kuti uziphunzitsa ena, koma kiyi wa kabati ankayenda naye m'thumba.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ku chigwa cha Shire

Nditakwatiwa ndi bambo anu, iwe Pemphero uli wosiya kumene kuyamwa, ananditumiza kumsasa ku chigwa cha Shire, kumene ankaboola pansi kufufuza malasha. Ntchito yanga inali kulandira miyala yotuluka m'chitsimecho, kuiyala m'mabokosi motsatana, kuti tidziwe chimene chili pamwamba ndi chimene chili pansi. Kutentha kwa kumeneko sindingakufotokoze. Sopo ankasungunuka m'chikwama. Mkulu wa pamsasapo anali munthu wamtima wabwino koma wamantha. Galimoto ya madzi ikachedwa, iye ankadzitsekera mu tenti, ife n'kumakakambirana ndi anthu a m'mudzi kuti atigawireko pa mjigo. Kumeneko ndinaphunzira kuwerenga miyala ngati masamba a buku: apa panali mtsinje, apa dambo, apa nkhalango imene inagwa n'kusanduka malasha.

Bambo anu nthawi imeneyo ankaphunzitsa kutali ndi tauni, ankachoka m'mamawa. Amene anakulera masana onse anali Abiti Jafali, mkazi wa Che Saidi, aneba athu a ku Matawale. Che Saidi anali ndi kashopu ka nsalu pamsika, ndipo nyumba yawo ya malata anaimanga njerwa imodziimodzi. Abiti sanafunse kanthu. Nditabwerako ndinakupeza wonenepa, ukulankhula Chiyao kuposa Chinyanja, ndipo unandibisalira kuseri kwa chitenje chawo. Ndinalira, iwo n'kumandiseka. "Amake Pemphero, mwana sasochera. Mawa lomweli akudziwani." Kuyambira pamenepo mpanda wa pakati pa nyumba zathu unali wongotchinga nkhuku.

Zaka za m'ma 2000

A Matewere atapuma ntchito anakakhala ku Mtiya, ndipo labu anaisiya m'manja mwanga. Tsiku lotsanzika, anzathu atabalalika, anandipatsa kiyi wa kabati. "Zonse zili muno muchite nazo mmene mukuonera," anatero. "Koma mwala wa mazira uja musadzaucheke. Ndi wofumbutuka, ndipo wina sitidzaupeza." Ndinavomera ndi mtima wonse. Sindinkaona chifukwa chimene ndingadzauchekere.

Zaka zimenezo zinali za kusowa. Mabwana ankasinthana, ena abwino, ena ongodutsa, koma aliyense ukamupempha zipangizo yankho linali lakuti tidikire. Guluu ankabwera mwa apo ndi apo. Mpeni wa makina ochekera tinkaugwiritsa mpaka kutha ngati khasu la nkhalamba. Magalasi akale ndinkawaviika m'madzi otentha kuti ndiwagwiritsenso ntchito. Magetsi akazima tili pakati pa kunola, tinkapitiriza ndi manja, titakhala pakhonde, tikuyang'ana anyani akutsika m'phiri kudzaba mango. Komabe ndinganene kuti ndinali wokondwa. Ophunzira a ku yunivesite ankabwera m'magulu, ochokera ku Karonga, ku Dedza, ku Nsanje, ndipo ndinkawaimika pa kabati n'kuwafotokozera za nyanja yakale ija monga anandifotokozera a Matewere. Ankalemba m'makope mwaulemu. Koma nthawi zonse pankapezeka wina wofunsa kuti, "Mayi, tikhungu mukunenato tili kuti?" Ine n'kujambula pa bolodi zozungulira ngati anyezi wodula pakati. Kunena zoona, inenso ndinali ndisanationepo ndi maso anga.

Chaka chimene mafuta anasowa

Munali akuluakulu ndithu nthawi imeneyo, mukukumbukira mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta. Malonda a nsalu anaima. Che Saidi ankakhala tsiku lonse pashopu osagulitsa ngakhale mpango. M'masiku omwewo abale awo kumudzi, cha kuchigwa cha Chilwa, akukumba chitsime, anatulutsa miyala yofiirira, yolemera, yodzaza timibulu. Munthu wina wodutsa, amene ankati anagwirapo ntchito m'migodi kunja, anawaonetsa chithunzi pafoni cha mwala wa mazira, n'kuwauza kuti mayiko ena analemera ndi mwala umenewu. Che Saidi anabwera ku ofesi ndi thumba lathunthu pa njinga ya kabaza.

Nditangotsegula thumbalo ndinadziwa. Inali miyala ya lubwe, imene imapezeka m'nthaka m'malo ambiri kuno kwathu. Ndinawafotokozera kuti chitsulo chilimo ndithu, makolo athu ankaisungunula m'ng'anjo kusula makasu, koma imangoyala pang'ono pansi pa dothi, siingadyetse mgodi. Imapangika m'nthaka momwemo: dzinja madzi amasungunula chitsulo, chilimwe chimauma n'kuundana. Iwo ankamvetsera, koma maso awo anali pa kabati. Anadzuka, n'kukaima pagalasi.

"Amake Pemphero, nanga uwu mwaukiyirawu? Si womwewu?"

"Ukuoneka ngati womwewo, koma ndi wina. Uwo unachokera kunja, unapangika m'nyanja."

"Wanga ndi wachabe, koma wanu ndi wokiyira." Anamwetulira mopanda chimwemwe. "Anandiuza kale kuti a boma adzatero. Ndikangochoka pano mutumiza galimoto kumudzi kwathu. Sindimayembekezera kuti ndimva zimenezi kwa inu."

Mawu amenewo anandilasa. Anamanga thumba lawo, n'kundisiyira miyala yochepa patebulo ngati akundiponyera.

Loweruka lake Abiti Jafali anandipeza ndikuchapa. Anakhala pa mwala wochapira, kenako anati, "Nyumba ija akugulitsa. Shopu yomwe. Wogula wapezeka kale, akubwera mwezi ukatha. Akuti akalembe anthu okumba, agule lole. Achimwene anga alankhula nawo, koma iwo akuti ndi nsanje. Ine ndalira mpaka misozi yatha. Amake Pemphero, bambo aja mawu sakhulupirira, amakhulupirira maso awo. Nsalu saigula asanaitambasule padzuwa. Palibe njira yoti aone okha?"

Njira inalipo imodzi. Kunja miyala iwiriyo inkafanana, koma m'kati sikanafanana. Ndikanacheka wawo wokha, akanati nanga wanuwo m'kati mwake muli chiyani. Pankafunika kuika iwiri yonse pa mayikulosikopu, iwo aone okha. Bwana amene analipo nthawi imeneyo nditamufunsa anangoti labu ndi yanga, ndione ndekha. Chilolezo cha ofesi ndinali nacho. Chimene ndinalibe ndi chilolezo cha amene ndinawalonjeza.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinayenda wapansi kupita ku Mtiya, poti minibasi kunalibe. A Matewere ndinawapeza pakhonde. Anali atakalamba, maso atachita ng'ala, moti anandizindikira ndi mawu. Tinalonjerana, anafunsa za inu, za bambo anu, za makina ngati akuyendabe. Kenako ndinafotokoza nkhani yonse. Anavula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta.

"A Esinati, guluu muli naye ndi wa liti?"

"Ndi wakale, bwana."

"Mpeni?"

"Watsala umodzi, wotha mbali."

"Ndiye mukufuna kuika mwala wofumbutuka pa mpeni wotha, ndi guluu wakale, magetsi ozimazima. Ukanyenyeka mutsala ndi fumbi. Ndipo ndikuuzeni, munthu amene walota chuma sadzutsidwa ndi mayikulosikopu. Adzayang'ana, adzati mwamuchita matsenga, nyumba adzagulitsa ndithu. Mudzataya zonse ziwiri." Anaika magalasi pabondo. "Amene anandipatsa mwala uja anamwalira ine ndisanabwerereko kukamuthokoza. Ndilibe chithunzi chake. Ndili ndi mwala uja basi."

Zonse zimene ananena zinali zoona. Ndinaganiza za Abiti akusenza katundu kupita ku lendi pa ukalamba wawo. Ndiye ndinati, "Bwana, ndabwera kudzapempha. Koma ndisakunamizeni, ngakhale mukane ndikacheka. Ndabwera kuti mumve kwa ine, osati kwa ena."

Anavala magalasi, n'kuitana mwana wawo wamkazi kuti andiperekeze pa geti. Ulendo wobwerera ku Matawale unanditalikira tsiku limenelo.

Ndinayamba ndi kuviika mbali imodzi ya mwalawo mu guluu wofunditsa, kuti alowe m'timipata n'kugwira timibulu. Ndinausiya uume bwinobwino. Kenako ndinadikira tsiku limene magetsi anabwera m'mawa. Ndinaika mwala pa makina, koma ndinazimitsa kaye n'kukamwa madzi. Mpeni unalowa bwino mpaka pakati. Utatsala pang'ono kutuluka, ndinamva kaphokoso kosakhala bwino, ndipo ngodya yonse ya mwala inagumuka, timibulu n'kumwazika m'madzi a makina ngati mapira. A Matewere sananame. Ndinazimitsa makina, ndinatola timibuluto ndi supuni kamodzikamodzi, misozi ili m'maso. Koma kachidutswa kamene ndinkafuna kanatuluka kathunthu. Ndinakanola ndi manja, osafuna kukhulupirira makina, ndipo ndinachitanso chimodzimodzi ndi mwala wa Che Saidi.

Nditayang'ana koyamba ndinaiwala mavuto onse. Zaka zonsezo ndinkajambula anyezi pa bolodi, koma sindinkadziwa kuti n'zokongola chotero. Kam'bulu kalikonse kanali ndi mizere yozungulira, yopyapyala ngati tsitsi, yofiirira, ina yagolide, ina yobiriwira, ndipo pakati pake kamchenga kamene kanayambitsa zonse.

Che Saidi anabwera chifukwa Abiti anawakoka. Anakhala pampando monyinyirika, chipewa chili pabondo. Ndinawaonetsa mwala wodulidwa uja kuti adziwe kuti ndi womwe unali m'kabati, ndipo anaona ngodya yogumukayo.

"Mwauphwanya?"

"Ndauphwanya. Yang'anani umu, diso limodzi mutseke."

Anayang'ana nthawi yaitali. Munthu wa nsalu amadziwa kuyang'ana. "Toluka bwino," anatero pomaliza. "Tofanana tonse. Nanga ichi chopindika ngati chikhadabo?"

"Chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere. Inafera pomwepo pamene timibuluto tinkagubuduzika."

Ndinachotsa galasilo n'kuika la mwala wawo. Anayang'ananso. Umu munalibe dongosolo: mibulu ina yaikulu, ina yaing'ono, yopindikapindika, mizere yake yochepa ndi yokhuthala, m'kati muli mchenga wosongoka umene sunagubuduzikepo, ndi timayenje ta mizu. Anandiuza kuti ndibwezere loyamba. Kenako lachiwiri. Kenako loyambanso. Atatopa anadzuka, anavala chipewa, n'kuuza mkazi wawo m'Chiyao kuti, "Kwende," ndiye kuti tiyeni. Kwa ine sananene ngakhale zikomo.

Mwezi unatha, wogula anabwera, anabwerera. Sindinganene kuti ndi galasi langa lokha limene linawatembenuza, chifukwa ndinamva kuti akuluakulu a ku mzikiti nawonso anakhala nawo pansi, ndipo munthu wa chithunzi uja anali atazimiririka. Koma nyumba sinagulitsidwe. Che Saidi anakhala nyengo yathunthu akundilonjera ndi mutu wokha. Dzinja litafika ndinaona kuti thumba la miyala lija alikhuthulira pakhomo pawo pamene pankachita matope. Ndikudutsa anandiitana. "Amake Pemphero, mgodi wanga uwu. Pondanipo, simulowa m'matope." Tinaseka tonse, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ku Mtiya kunali zii. Ndinatumiza moni kangapo, osayankhidwa. Ndinazilandira, chifukwa lonjezo ndinaswa ndine, ndikudziwa chimene ndikuchita. Kenako tsiku lina masana, chilimwe chotsatira, ndinamva ndodo ikugogoda pakhonde la labu. Anali a Matewere, mwana wawo atawagwira mkono. Sanalonjere zambiri. Anapempha mwala. Ndinawaika m'manja, ndipo anaupapasa mbali zonse mpaka chala chinafika pogumuka paja. Chinaima pamenepo.

"Nyumba ija?"

"Ilipo, bwana. Akukhalamo."

Anagwedeza mutu. Anati ndiwakhazike pa mayikulosikopu. Anaika diso, anatembenuza, anayesa diso linalo, kenako anabwerera m'mbuyo. "Ndikungoona kuwala. Khalani inu, mundiuze."

Ndinakhala, n'kuyamba kuwauza. Kam'bulu aka pakati pali kamchenga, mizere yake ndi yofiirira. Aka kanasweka pakati kenako kanavalanso tikhungu tina pamwamba pa bala. "Namondwe ameneyo," anatero. "Anakaswa, nyanja n'kupitiriza ntchito yake. Pitirizani." Ndinati apa pali mizere yobiriwira yosinthana ndi yofiira. Anawongoka pampando. "Yobiriwirayo ndi nthawi imene kanakwiririka m'matope mopanda mpweya. Yofiira ndi pamene mafunde anakafukula. Ndiye kuti kankakwiririka n'kufukulidwa, kukwiririka n'kufukulidwa. Mphunzitsi wanga ankanena zimenezi, ine ndinkangovomera. Ilipo yambiri?" Ndinati yambiri. Tinakhala choncho mpaka mwana wawo anayamba kuyang'ana kunja, ine ndikuona, iwo akumasulira.

Ponyamuka anandibwezera mwala. "Popeza mwayamba, musaumire," anatero. "Chekani ena. Ana a ku yunivesite aja asamagawane galasi limodzi ngati ndiwo za pamaliro."

Ndinacheka ena guluu watsopano atabwera, ndipo sunagumukenso. Mwalawo unatsala theka. Kuchokera nthawi imeneyo palibe wophunzira amene anandifunsanso kuti tikhungu tili kuti. A Matewere anabweranso kangapo kudzakhala kumbuyo kwa kalasi, akumvetsera, nthawi zina n'kundikonza pamaso pa ana, ine n'kumakondwa.

Nditapuma

A Matewere anamwalira ine ndisanapume, ndipo ku maliro ku Chiradzulu tinapita ofesi yonse. Che Saidi nawonso anatisiya, atadwala pang'ono, m'nyumba yawo yomwe ija. Ine ndinapereka kiyi kwa mtsikana wa ku Rumphi amene ndinamuphunzitsa ndekha kunola. Sindinamuletse kanthu kalikonse. Ndinangomuuza kuti mwala wofumbutuka aziuviika nthawi yaitali kuposa mmene ndinachitira ine.

Sindinakwere kwambiri pa ntchito, ndipo mukudziwa kuti sitinalemere. Koma ndinagwira ntchito imene ndinkaikonda, pansi pa phiri limene ndimalikonda, ndipo ndinakuphunzitsani nonse awiri. Masiku ano ndimalima mpiru ndi tomato kuseri kwa nyumba, mawondo akalola ndimakwera pang'ono njira ya kuphiri kukagula mapichesi kwa amayi a m'mbali mwa msewu.

Abiti Jafali akalamba, msana wapindika, koma tsache salisiya. M'mawa uliwonse ndimamva akusesa pabwalo pawo, kenako amafika pampanda.

"Amake Pemphero, mwadzuka?"

"Ndadzuka, kaya inu Abiti?"

"Ndadzuka. Denga lija layambanso kudontha kuchipinda. Mukamuona mmisiri uja mumuuze abwere, mvula isanafike. Nyumba ino ndikufuna adzukulu adzaipeze yosadontha."